Injini Zopumira M'chifuwa cha Abale

Kampani ya injini zampikisano imene anthu ankaitama ija inayambira pansi pa mtengo wa mango ku Area 4. Mwini wake, Lemson, anali makaniko wa masipanala atatu ndi ovolosi yong'ambika kumatako. Anyamata a ku Area 11 akamadutsa pa galimoto zawo zobangula, iye ankangomeza malovu.

Tsiku lina anapita kwa sing'anga, a Kenani, kuseri kwa msika wa ku Old Town.

"Injini imathamanga ndi chiyani, mwana wanga?" anafunsa a Kenani.

"Petulo ndi mpweya, agogo."

"Petulo agula eni galimoto. Mpweya ubweretse ndiwe. Ukamanga injini, uuziremo katatu, utchule dzina la m'bale wako wamagazi. Izipumira m'chifuwa mwake."

"Afa?"

"Ine ndanena za kufa? Bola galimotoyo asamaithamangitse." A Kenani anaseka mpaka kutsokomola.

Lemson anayamba ndi azakhali ake a Dinah, omwe anamulera ndi ndalama za mandasi. Ati akalamba kale. Loweruka galimoto imene anaimangira injiniyo inapambana mpikisano, Loweruka lomwelo azakhali anabanika n'kumwalira akuyanika zovala. Anthu anati ndi mphumu.

Chikwangwani chinakwera: Lemson Liwiro. Mabwana a ku Capital Hill ankachita kulimbirana malo pagalajapo. Kenaka anapita amalume ake a Japhet, kenaka mlongo wake Lughano. Pamaliro ponse Lemson ankabwera ndi bokosi lonyezimira, n'kumadya nyama mpaka mafuta kuyenderera m'zigongono. Asa!

Atamanga nyumba ku Area 11, anafuna galimoto yakeyake yoposa zonse. Abale anali atatha. Anatsala mwana wake Mwawi, wa Sitandade 3.

"Ndi yongoonetsa iyi, sindiithamangitsa," anadziuza, n'kuuziramo katatu.

Lamulungu masana anailiza pakhomo kuti amve kulira kwake, ndipo Mwawi anagwa pakhonde, kukamwa kuli yasa. Amayi ake anamunyamula n'kulowa naye m'galimoto yomweyo kuti athamangire kuchipatala, poti panalibe ina.

Lemson ankayendetsa ngati ali pamdipiti wa maliro.

"Bambo a Mwawi, pondani moto!" analira mkazi wake akumumenya paphewa. "Za anthu mumaziulutsa, lero pa mwana wanu mwaiwala?"

Akanangozimitsa injini n'kuulula, mwana akanapuma. Koma anaganiza za chikwangwani chake, za zomwe anthu anene. Anaponda. Injini inaimba bwino kuposa zonse zimene anamangapo. Pofika pa raundabauti ya ku City Centre, kumbuyo kunali zii.

Lero pagalaja paja pamera udzu. Lemson amazungulira raundabauti yomweyo wapansi, dovu kukamwa, akulira ngati injini, akusintha magiya m'malere.

Ana inu, umphawi ndi wowawa, koma suphetsa mwana. Dyera likayamba kudya abale silikhuta, limadya mpaka wa m'mimba mwako.