Nkhope ya Eloy pa Mtanda

Noemi Archuleta anaima kutsogolo kwa shelefu ya ulusi wa pulasitiki kwa nthawi yaitali, mpaka Bambo Tsosie anasiya zimene ankakonza n'kubwera kudzamuona. Iwowa anali aphunzitsi a zamakina pasukulu imene Noemi ankaphunzira. M'chipinda chawo munali makina atatu osindikiza zinthu zogwirika: ukawapatsa chithunzi cha pa kompyuta, amasungunula ulusiwo n'kumausanja pang'onopang'ono mpaka chinthucho chitaima chathunthu.

Chimene Noemi ankafuna kusindikiza chinali nkhope ya mchimwene wake, Eloy. Zaka ziwiri m'mbuyomo, akuphunzira m'chipinda chomwechi, Eloy anadzijambula mutu wonse mwanthabwala, ati adzapange choopsezera akhwangwala m'munda wa tsabola. Sanachipange. Chaka chatha, kumapeto kwa Ogasiti, galimoto yake inagubuduzika pamsewu wopita ku tauni ya Las Cruces. Chithunzi chija chinatsala m'kompyuta ya Bambo Tsosie, ndipo iwo sanachifufute.

Amalume ake anali atazika kale mtanda wachitsulo pamalo a ngoziyo. Koma mayi ake anali asanapondeko. Popita ku tauni ankazungulira njira yaitali, n'kumanena kuti imeneyo ndiye yopanda maenje. Chaka chino anavomera kuti pa tsiku lokumbukira apita, ndipo Noemi sankafuna kuti akapeze chitsulo ndi dzina lokha.

Anatambasula dzanja n'kutenga ulusi wa mtundu wa mkuwa, wonyezimira ngati ndolo zatsopano. Bambo Tsosie anamufunsa kumene chinthucho chidzikakhala. Atawauza, anapukusa mutu. Anamufotokozera kuti ulusi umenewo, wotchedwa PLA, ndi wa zinthu za m'nyumba: suvuta kusindikiza, umaoneka bwino, koma ukatenthedwa umafewa. Za panja ankazipanga ndi wina wotchedwa ASA, umene umapirira dzuwa. Umenewo umanunkha posungunuka, umakonda kumatuka usanathe, ndipo umafuna makina ena otsekera mbali zonse, amene anali ndi mzere mpaka sabata yamawa. Anautulutsa pansi pa shelefu. Unali wotuwa ngati phulusa, ndipo mtundu wake unalipo umodzi wokhawo.

"Eloy sanali wotuwa," anatero Noemi.

"Ukhoza kuupenta."

"Ndaziona zimene anthu amapenta muno, aphunzitsi. Zimakhala ngati zadwala chikuku."

Bambo Tsosie anamuyang'ana pamwamba pa magalasi awo. "Mchimwene wako nayenso sankamva. Kungoti iye ankayamba wandiseketsa."

Sanamuletse. Anangobwereza kuti dzuwa la kuno silisewera, makamaka pa chitsulo, kenako anamuthandiza kulowetsa ulusi wa mkuwawo m'makina.

Zinatenga maola khumi ndi limodzi. M'mawa mwake Noemi anapeza Eloy akumudikira m'makinamo, wamkulu ngati mutu wa khanda, akumwetulira chammbali monga ankachitira akafuna kumutcha Kadzidzi chifukwa cha magalasi ake. Kalasi lonse linamuzungulira. Wina anati nkhopeyo ikuoneka ngati ya m'nyumba yosungira zinthu zakale. Noemi anayang'ana kwa Bambo Tsosie kuti aone ngati amva, koma iwo anali kupukuta tebulo loyera kale.

Amalume ake anali ndi mpata Lachinayi lokha, kutatsala masiku khumi kuti lifike tsiku lokumbukira. Anapita naye kumalo a ngozi kuja, ndipo Noemi anamangirira nkhopeyo pakati pa mtandawo ndi waya, molimba kuti mphepo isaitenge. Noemi sanawauze mayi ake chilichonse. Masiku khumi onsewo kumwamba kunalibe ngakhale kamtambo.

Lamlungu atatuluka m'tchalitchi, mayi ake anayendetsa okha galimoto. M'njira monse munkamveka fungo la tsabola amene anthu ankawotcha m'migolo kutsogolo kwa masitolo. Mayiwo anali atanyamula maluwa ndi chitini cha chakumwa cha malalanje chimene Eloy ankakonda. Manja awo anagwira chiwongolero ngati wina akufuna kuwalanda.

Noemi anaona kunyezimira ali patali. Anatsika galimoto isanaime bwino n'kuthamangira kutsogolo. Atatsala pang'ono kufika, anaima.

Nkhopeyo inali itawerama. Waya uja anali atalowa m'chipumi, tsaya limodzi litaphwa, chibwano chitapindikira ku chitsulo. Kumwetulira kwa chammbali kuja kunali kutakokekera pansi, moti Eloy ankaoneka ngati munthu amene wakhala akulira yekha pamsewu masiku khumi.

Noemi anatembenuka n'kuima kutsogolo kwa mtandawo, manja ali kumbuyo, ngati kamwana kamene kaswa kapu.

"Tasuntha," anatero mayi ake.

Anasuntha. Mayiwo anayang'ana kwa nthawi yaitali. Magalimoto awiri anadutsa, fumbi n'kubwerera pansi. Noemi anayamba kufotokoza, mawu akugundana m'kamwa: kuti inali yokongola, kuti aliyense anaiyamikira, kuti aphunzitsi anamuuza koma iye anafuna yonyezimira. Misozi inamuletsa kumaliza.

Mayi ake anaika maluwa ndi chitini pansi, n'kuyamba kumasula wayayo ndi zikhadabo. Pulasitikiyo inali yotentha, yofewabe. Anayesa kukankhira tsaya lija m'malo mwake ndi chala chachikulu. Silinabwerere. Panangotsala chidindo cha chala chawo, pansi pa diso.

"Makutu ndi ake," anatero chapansipansi. "Wakhala pano masiku angati?"

"Khumi, amayi."

"Wopanda chipewa." Anapukuta fumbi pachipumipo. "Ndinalankhula mpaka kutopa. Eloy, chipewa. Eloy, chipewa. Amati chimamuwonongera tsitsi."

Anayamba ngati akuseka, koma kusekako kunathyokera pakati. Anakhala pansi pa miyala, ndi diresi lawo la kutchalitchi lomwelo, n'kulira monga sanalirire pa maliro. Noemi anakhala pambali pawo. Palibe amene anauza mnzake kuti atonthole.

Ponyamuka, mayiwo anavula mpango wa m'khosi n'kukulunga nkhopeyo. Mtanda unatsala ndi dzina, maluwa ndi chitini. Atafika kunyumba anaiika pa shelefu ya m'khitchini, pakona pamene dzuwa silifika, ndipo Noemi atanena kuti akaitaye, anamuyang'ana kamodzi kokha. Noemi sanabwerezenso.

Lolemba pa nthawi yopuma, Noemi analowa m'chipinda cha makina. Bambo Tsosie anamuona m'maso ndipo sanafunse kanthu. Iye anawerama yekha pansi pa shelefu n'kutulutsa ulusi wotuwa uja. Anawafunsa kuti umenewu ungapirire mpaka liti. Anamuyankha kuti zaka zingapo, osati mpaka muyaya, ndiponso kuti ulendo woyamba ukhoza kumatuka n'kufunika kuyambiranso. Noemi anagwedeza mutu n'kulemba dzina lake pamapeto pa mzere wa makina otsekera, pansi pa anthu anayi.

Kenako anakhala pa kompyuta n'kutsegula chithunzi chija. Eloy anatulukira akumwetulira chammbali, tsitsi lili ndendende monga ankalifunira.

"Aphunzitsi, kodi n'zotheka kumuveka chipewa?"

Bambo Tsosie anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali kuposa mmene amafunikira. Anati n'zotheka, koma ziwonjezera maola atatu.

"Ndidikira," anatero Noemi.