Khadi Lalikulu M'kompyuta ya Bambo

Kwathu tsiku linkayamba ndi pemphero. Bambo ankajambula mapulani a nyumba pa kompyuta, pakona ya pabalaza, ndipo ntchito imeneyo ndiyo inkatidyetsa. Mlongo wanga, mzime wa m'nyumba mwathu, ankamulola kusewerapo magemu akamaliza za kusukulu.

Atakhoza mayeso, Bambo anamupatsa ndalama zogulira khadi la zithunzi, lija limathandiza kuti magemu aziyenda osadodoma. Zinali zokwanira khadi lapakati.

"Tenga ili," anatero wokonza makompyuta. "Lalikulu limadya magetsi ambiri. Kabokosi kogawa magetsi m'kompyuta ya bambo ako sikangalikwanitse."

Koma mlongo wangayo anali ndi mnzake wina, ankamutcha Shasha.

"Lapakati? Aise, ukufuna tizikuseka?" anatero Shasha. "Lalikulu ndikupezera motchipa. Ungowonjezerapo pang'ono basi."

Lachiwiri foni yanga inasowa. Ndinafufuza mpaka kudzala, mlongo wangayo akundithandiza kufuna, wopanda ndi manyazi omwe. Mayi anamuyang'anitsitsa.

"Mwanawe, ngati ukudziwapo kanthu, nena lero."

"Mwayamba kundiyesa wakuba?" anakalipa, n'kumenyetsa chitseko.

Loweruka Bambo atachoka, mlongo wanga anatsegula kompyuta ija ndi Shasha kuti aikemo khadi limene anagula. Khadi lalikululo linkafuna mawaya awiri a magetsi, koma m'kompyutamo munali umodzi wokha.

"Zazing'ono izi," anatero Shasha. Anadula waya, n'kulumikiza, n'kukulunga ndi tepi.

Gemu inayenda mphindi khumi. Kenako kunamveka kuti phuu! Pabalaza ponse panadzaza utsi ndi fungo la pulasitiki. Shasha anati akukaitana munthu, ndipo mpaka lero akumuitanabe.

Wokonza uja anangopukusa mutu. Zonse zinapsa, pamodzi ndi mapulani a chipatala amene Bambo anawavutikira miyezi inayi, oti akapereke Lolemba. Eni ntchito anaipereka kwa wina.

Bambo sanamumenye mlongo wangayo. Bola akanamumenya.

"Ndinakupatsa zimene ndikanatha, mwana wanga," anatero motsitsa mawu. "Iwe watenga ndi zimene sindingabwezeretse."

Apo m'pamene mlongo wanga anagwada, n'kuulula akulira kuti foni yanga anaigulitsa kuti awonjezere ndalama za khadilo. Ndinamukhululukira poti Mulungu amatero, koma sindinama, mtima umandiwawabe ndikaona Bambo akujambula ndi pensulo, maso ali psuu.

Achinyamata, chimene makolo akwanitsa chikukwanireni. Wokunyengererani amathawa utsi ukangofuka, ndipo amatsala akulira ndi amene anakuberekani.