Kamphepo ndi Phazi Lotupa

Panali mtsikana wina. Onse ankamutchula kuti Kamphepo. Ankamutchula choncho chifukwa sankadziwa kuyenda pang'onopang'ono. Kusukulu ankathamanga. Kugolosale ankathamanga. Ngakhale popita kukasamba ankathamanga.

Kamphepo ankaphunzira karate. Anali ndi zovala zoyera za karate. Anali ndi lamba woyera. Koma mtima wake unali pa lamba wachikasu. Akadzuka, ankaganiza za lamba wachikasu. Akagona, ankalota lamba wachikasu.

Karate ankaphunzirira mu holo ya pafupi ndi sukulu. Holoyo inali ndi mawindo aakulu. Pansi panali matiresi opyapyala. Pakhomo pankakhala mzere wa nsapato. Palibe ankalowa atavala nsapato.

Aphunzitsi a karate anali mayi wamfupi. Lamba wawo anali wakuda. Sankakuwa ayi. Koma akangokweza dzanja, ana onse ankangoti zii.

Tsiku lililonse ana ankayamba ndi kutenthetsa thupi. Ankathamanga pang'onopang'ono. Ankazunguliza mikono. Ankazunguliza mapazi. Ankawerama n'kugwira zala za kumapazi.

Kamphepo sankazikonda zimenezi. Iye ankafuna mateche. Theche la kutsogolo. Theche la m'mbali. Theche lofika m'mwamba.

Tsiku lina aphunzitsi anauza ana kuti mayeso ayandikira. Anati wokhoza adzamanga lamba wachikasu. Kamphepo anayang'ana mnzake Mbatata. Mbatata anali mnyamata wa masaya ozungulira. Awiriwo anamwetulirana.

M'mawa mwake Kamphepo anachedwa. Lamba wake anasowa. Anafuna m'dengu la zovala. Anafuna kuseri kwa chitseko. Anakamupeza pansi pa bedi.

Atafika ku holo, anapeza anzake atatenthetsa kale thupi. Anavula nsapato. Anawerama pakhomo. Anazembera mumzere, kumbuyo kwa Mbatata. Aphunzitsi sanamuone. Anali akumanga lamba wa mwana wina.

Mbatata anamunong'oneza kuti ayambe watenthetsa thupi. Kamphepo anakana. Anati wathamanga njira yonse, ndipo thupi latentha kale.

Nthawi ya mateche inakwana. Kamphepo anafuna kuposa onse. Analumpha. Anaponya theche lalitali. Koma potera, phazi linapindika. Kamphepo anagwa pansi kuti khu.

Phazi linapweteka. Linapweteka kwambiri. Kamphepo anafuna kudzuka, koma aphunzitsi anali atafika kale.

"Usadzuke," anatero aphunzitsi. "Khala pomwepo. Ndione."

Anasanjika phazilo pa chikwama. Anakulunga madzi oundana m'kansalu. Anaika kansaluko pa kakolo. Kenako anaimbira foni amayi a Kamphepo.

Amayi anali telala. Anafika akuthamanga, tepi yoyezera ili m'khosi. Anaona phazi. Linali litatupa ngati buledi. Anabereka mwana wawo n'kupita naye kuchipatala.

Anamwino anagwira phazi mosamala. Analijambula ndi makina. Anati fupa silinathyoke. Kamphepo anali atangobinya. Anamwino anamanga bandeji. Anati phazi lipume. Anati lizikhala pamwamba pa pilo. Osathamanga. Osalumpha.

"Nanga mayeso?" anafunsa Kamphepo.

Anamwino anapukusa mutu. Anati mayeso adikire, phazi liyambe lachira.

Kunyumba, amayi anachapa zovala za karate. Zitauma, anazipinda. Anaziika pamwamba pa kabati, pamene Kamphepo sakanafikira.

"Karate yatha, mwana wanga," anatero amayi. "Lero ndi phazi. Mawa lidzakhala dzino."

Abambo a Kamphepo anali okonza njinga. Ataweruka, anasamba m'manja n'kukhala pafupi naye. Anayang'ana bandeji. Anauza amayi kuti ana amagwa ngakhale posewera panja. Amayi anangopitiriza kusoka. Makina okha ndi amene ankalankhula.

Kamphepo anakhala pampando. Phazi linakhala pa pilo. Pawindo ankaona anzake akuthamanga. Dzuwa linkatuluka, dzuwa linkalowa. Iye anali pampando pomwepo.

Tsiku lina anatopa nazo. Amayi anali panja, akuyanika zovala. Kamphepo anaimirira. Anati angoyesa theche limodzi, laling'ono. Atangoponda, ululu unabwerera. Pofika madzulo phazi linali litatupanso.

Amayi anaona. Sanakalipe. Anamasula bandeji n'kumanganso bwinobwino. Kamphepo anayang'ana pansi. Anazindikira kuti phazi silifulumizidwa. Kuyambira tsiku limenelo anadikira.

Koma karate sanaiiwale. Anapempha kuti azikangoonerera anzake. Amayi anakana. M'mawa mwake anapemphanso. Amayi anakananso. Anapempha, anapempha, anapemphabe. Anati sadzaimirira. Anati adzangokhala pabenchi.

Pomaliza amayi anausa moyo. "Bambo a Kamphepo, mutengeni," anatero. "Koma pabenchi."

Abambo anamukweza panjinga. Anapalasa pang'onopang'ono. Anazemba maenje onse a mumsewu.

Aphunzitsi anasangalala kumuona. Anakhala naye pabenchi. Anati tsiku lija sanamuone akulowa, ndipo zinawadandaulitsa. Kenako anauza ana onse lamulo latsopano. Wochedwa aziyamba wawapeza. Azitenthetsa thupi pakona, kenako azilowa mumzere.

Kamphepo anafunsa ngati pali chimene angachite ali pabenchi.

"Miyendo ipume," anatero aphunzitsi. "Manja alipo."

Choncho Kamphepo anaphunzira atakhala. Anzake akaponya nkhonya, iyenso ankaponya nkhonya. Anzake akatchinga, iyenso ankatchinga. Kutchinga m'mwamba. Kutchinga pakati. Kutchinga m'munsi. Mikono inkatopa. Thukuta linkatsika. Kamphepo sankasiya.

Tsiku la mayeso linafika. Kamphepo anali akadali pabenchi. Anaona Mbatata akuponya nkhonya. Anaona Mbatata akuponya mateche. Anaona aphunzitsi akumupatsa lamba wachikasu.

Kamphepo anaomba m'manja. Anaomba kwambiri. Koma misozi inatsika yokha. Anaipukuta ndi mkono wa malaya.

Mbatata anabwera pabenchi. Lamba anamubisa kumbuyo.

"Usabise," anatero Kamphepo. "Bweretsa ndigwireko."

Mbatata anamupatsa. Lambayo anali wolimba, wonunkhira utsopano. Kamphepo anamugwira kanthawi. Kenako anabweza. Anauza Mbatata kuti amudikire, akubwera.

Masiku anapita. Phazi linaphwa. Anamwino anachotsa bandeji. Anamuphunzitsa masewero olimbitsa kakolo. Azilemba zilembo m'malere ndi chala cha kuphazi. Aziima ndi mwendo umodzi atagwira mpando.

Kamphepo ankachita zimenezi tsiku ndi tsiku. Akadzuka, ankalemba zilembo ndi phazi. Potsuka mano, ankaima ndi mwendo umodzi. Potsuka mbale, ankaima ndi mwendo umodzi. Abambo ankaseka. Ankati m'nyumba mwalowa kakowa.

Poyamba ankagwedera. Kenako ankagwedera pang'ono. Kenako anasiya kugwira mpando. Amayi ankasuzumira ali pamakina. Ankaona zonse.

Tsiku lina anamwino anati phazi lachira. Anati Kamphepo akhoza kuyambiranso, koma pang'onopang'ono.

Atafika kunyumba, Kamphepo anaima pafupi ndi kabati. Anayang'ana m'mwamba. Kenako anayang'ana amayi.

"Amayi, tiyeni mukaone kamodzi kokha," anatero. "Mukakana mutaona, ndidzamvera."

Amayi anaimitsa makina. Kenako anakwera pampando. Anatsitsa zovala zija n'kuzikutumula fumbi.

Ku holo, amayi anakhala pabenchi. Chikwama chawo anachigwira zolimba pamiyendo. Maso awo anali pa phazi la Kamphepo.

Kamphepo anatenthetsa thupi. Anathamanga pang'onopang'ono. Anazunguliza mikono. Anazunguliza mapazi. Sanadumphe chilichonse. Nkhonya zake zinali zowongoka. Kutchinga kwake kunali kolimba.

Nthawi ya mateche inakwana. Anzake anaponya mateche. Kamphepo anafuna kukweza mwendo. Mwendo unakana. Anayesanso. Mwendo unakananso. Phazi silinkapweteka ayi. Koma ankakumbukira kugwa kuja.

Aphunzitsi anaona. Anatenga pilo wolimba womenyapo mateche. Sanapite naye kwa Kamphepo. Anapita naye kwa amayi. Anawapempha kuti amugwirire mwana wawo.

Amayi anadabwa. Anati iwo za karate sazidziwa. Aphunzitsi anati kugwira pilo sikufuna lamba. Amayi anavula nsapato. Anaponda pa matiresi. Anagwada n'kugwira pilo m'munsi, pofika m'mawondo.

Kamphepo anaima patsogolo pawo.

"Amayi, ndikuopa," ananong'ona.

"Nanenso ndikuopa," anatero amayi. "Koma ndagwira. Menya."

Kamphepo anakoka mpweya. Anakweza bondo. Anaponya theche laling'ono. Pilo anangoti phu. Phazi linabwerera pansi bwinobwino. Silinapindike. Silinapweteke.

"Kenanso," anatero amayi.

Kamphepo anamenyanso. Anamenyanso. Anamenyanso.

Pobwerera kunyumba, amayi sanatchule za kabati. Anangofunsa kuti karate ina ndi liti.

Kuyambira pamenepo ankayeserera kunyumba. Amayi akamaliza kusoka, ankasuntha tebulo. Ankatenga khushoni ya pampando. Kamphepo ankayamba watenthetsa thupi. Kenako ankamenya. Poyamba khushoni inali m'mawondo. Kenako inakwera m'chiuno. Kenako inakwera pachifuwa. Phazi likatopa, Kamphepo ankanena. Akanena, ankapuma.

Masiku ena zinkavuta. Mateche ankapita pambali. Kamphepo ankakwiya, n'kukhala pansi. Amayi ankangodikira, khushoni ili m'manja. Pakapita kanthawi, Kamphepo ankadzuka yekha.

Mayeso ena anafika. Abambo anatseka msanga kuntchito. Amayi anavala diresi lawo labwino. Anakhala pabenchi, pamodzi ndi makolo ena. Mbatata anakhala kutsogolo, lamba wachikasu ali m'chiuno.

Aphunzitsi anaitana Kamphepo. Kamphepo anawerama. Anaponya nkhonya. Anatchinga m'mwamba. Anatchinga pakati. Anatchinga m'munsi. Anaponya theche la kutsogolo. Linali labwino.

Kenako anaponya theche la m'mbali. Potera, anagwedera. Anapendekera uku. Anapendekera uko. Amayi anagwira mkono wa abambo. Mu holo monse munangoti zii.

Kamphepo sanagwe. Anaponda pansi mwamphamvu. Anawongoka. Anayang'ana kutsogolo. Anaponyanso theche lija, ndipo linafika pamene ankafuna. Anamaliza zonse. Anawerama.

Aphunzitsi anauza ana kuti aliyense amagwedera. Anati anaona mmene Kamphepo anawongokera n'kupitiriza. Kenako anatulutsa lamba wachikasu. Anaitana amayi kuti adzamumange mwana wawo.

Amayi anamuzunguliza lamba m'chiuno. Anamanga kumbuyo, ngati lamba wa diresi. Ana onse anaseka. Amayi nawo anaseka. Kamphepo anagwira manja awo. Anawaonetsa pang'onopang'ono. Mbali iyi pamwamba. Mbali iyi pansi. Kenako kukoka. Mfundo inakhala kutsogolo, pamalo pake.

Atatuluka panja, mvula inali itayamba kuwaza. Kamphepo anaphimba lamba wake ndi manja onse awiri. Abambo anavula jekete lawo n'kumufunditsa. Jeketelo linafika mpaka m'mapazi. Amayi anatambasula ambulera.

Ambulera inali imodzi. Anthu anali atatu. Anapanikizana pansi pake, Kamphepo ali pakati. Phewa la abambo linanyowa. Phewa la amayi linanyowa. Koma lamba wachikasu anafika kunyumba ali wouma.