Amene Anazimitsa Injini

Inspekitala anafika pabwalo la ndege zing'onozing'ono nthawi ili 7:25 m'mawa wa Lamulungu. Mtembo unali chagada pa udzu wa mame, mamita awiri kuchokera pamphuno ya ndege yoyera ya mipando inayi. Womwalirayo anali dokotala wa zaka 58, mmodzi mwa eni ake atatu a ndegeyo. Pulopela, chitsulo chozungulira cha pamphuno ya ndegeyo, inamutema paphewa ndi pamutu. Makiyi a ndege anali m'thumba la jekete yake, zitseko zili zokhoma, matayala ali otchingidwa ndi timitengo take.

Mlonda wa pabwalopo anafotokoza zimene anaona. Dokotala analowa pageti lalikulu 6:20. Itakwana 6:31 injini inalira pafupifupi mphindi yathunthu, kenako zii. Ataona kuti ndege sikunyamuka, mlondayo anayenda mamita 600 kukaona, ndipo anapeza mtembowo 6:45. Sanaone munthu wina. Ananenanso chinthu chimene aliyense pabwalopo ankachidziwa: kukazizira, Dokotala asanatsegule n'komwe chitseko ankazunguliza pulopela ndi manja kuti oyilo afewe. Anzake akamuletsa ankangoseka, n'kuwaonetsa kiyi m'thumba.

Mwini wachiwiri wa ndegeyo, mayi wophunzitsa kuyendetsa ndege amene onse ankamutchula kuti Aphunzitsi, anatera 8:10 pa ndege ya sukulu yake. Anali atanyamuka kubwalo lina 6:15, ndipo a kumeneko anavomereza pafoni. Ndi iye anatsegula chivundikiro cha injini apolisi akuona. Anawalozera kawaya kolendewera. Anati kawayako ndi kamene kamapha moto munthu akazimitsa kiyi. Kakamasuka, injini imakhala yamoyo ngakhale kiyi ali m'thumba, ndipo kuigwedeza pulopela pang'ono chabe n'kuidzutsa. Nati ya kawayako inali pansi m'chivundikiromo, mazinga ake ali bwinobwino. Sinathyoke, inamasulidwa.

Pofika masana Sajeni, wachiwiri wa Inspekitala, anali atatsekera kale makaniko wa pabwalopo. Makanikoyo ndi amene anayendera injini Lachinayi, anali ndi kiyi wapadera, ndipo Lachisanu anakangana ndi Dokotala pagulu, Dokotalayo atamunena kuti ndi wokonza njinga. M'mawa wa Lamulungu anali kunyumba yekha, popanda womuchitira umboni.

"Bwana, mlanduwu watha tiyi wanu asanazizire," anatero Sajeni.

M'chipinda chofunsira mafunso, 2 koloko masana, makanikoyo anakhala manja ali patebulo, zikhadabo zakuda ndi oyilo. Anavomera mkanganowo osabisa kanthu. Anadziwa kuti akangofika kukhoti, ngakhale atamasulidwa, palibe amene adzamupatsenso ndege kuti aigwire.

"Zaka makumi atatu ndikumanga nati imeneyo, bwana. Ndikanakhala wopha anthu ondinyoza, bwenzi nditayambira mlamu wawo uja. Amandiphunzitsa kugwira sipanala sabata iliyonse."

Mlamuyo anali mwini wachitatu wa ndege, mwamuna wa mchemwali wake wa Dokotala. Anali ndi sitolo ya zipangizo zomangira nyumba, koma pabwalo ankamutchula kuti Kaputeni chifukwa anali atauluka zaka 31 osakanda ndege ngakhale penti. Iye anauza Sajeni kuti m'mawawo anali koyenda kolimbitsa thupi monga mwa masiku onse.

Inspekitala sanasaine chikalata chotengera makaniko kukhoti. Chinamuvuta chinali mphindi imodzi ija imene mlonda anamva. Lolemba 8 koloko anabwerera kubwalo, n'kukhala pampando wa woyendetsa, Aphunzitsi ataima pachitseko. Palibe chimene chinakhudzidwa mkatimo chijambulireni zithunzi.

Anafunsa mmene injini yotereyi imazimitsidwira. Aphunzitsi anamuonetsa kandodo kofiira. Munthu amakakokera kumbuyo, mafuta amasiya kulowa, injini n'kufa. Kawaya kaja katamasuka, kiyi sakanathandiza kanthu. Njira inali yomweyo basi.

"Kandodoka kali kumbuyo chonchi, injini ingalire mphindi yathunthu?"

"Ayi. Ingatsokomole kawiri kapena katatu, n'kutha."

"Ndiye 6:31 kanali kutsogolo, ndipo 6:45 kanali kumbuyo, chitseko chili chokhoma. Malemu sanadzuke kudzakakoka."

Aphunzitsi anasuzumira mkati. Maso ake anali pansi, pakati pa mipando iwiri yakutsogolo, pomwe panali kampopi kosankhira tanki ya mafuta. Kanaloza kumanzere. Anafotokoza mwapang'onopang'ono kuti kampopiko n'kamene eni ndege ankakanganirana chiigulireni. Dokotala ankakasiya pa matanki onse awiri, ndipo iyenso ankachita chimodzimodzi. Makaniko ankakatsekeratu nthawi zonse, moti ankamudandaula. Munthu mmodzi yekha ndi amene ankakapotozera kumanzere akangozimitsa injini. Womaliza kuuluka anali Dokotala, Loweruka, ndipo anatera 4:10 madzulo ali yekha.

Inspekitala anafunsa ngati alamu awiriwo ankagwirizana. Aphunzitsi anati ankagwirizana ngati apachibale enieni, koma kwa miyezi itatu Dokotala sankalola kuti Kaputeni auluke yekha, ndipo chifukwa chake sankanena. Anawonjezera kuti kuseri kwa shedi ya ndege kuli kageti kakang'ono kamene mlonda sakaona ali pageti lalikulu, ndipo eni ndege onse ali ndi kiyi wake.

Nthawi ya 11:30 Inspekitala anatsegula dirowa ya desiki ya Dokotala kuchipatala chake, mlembi wake akuona. Munali kalata yosainidwa kale, ya deti la Lolembalo, yopita ku ofesi yopereka malaisensi a oyendetsa ndege.

Kaputeni anafika kupolisi 3:15 masana atavala suti yakuda. Anapereka moni kwa aliyense, n'kufunsa ngati wokonza njinga uja wavomera. Inspekitala anati sanavomere, ndipo anapempha thandizo. Iye za ndege sadziwa, ndiye akufuna munthu wodziwadi amufotokozere mmene woyendetsa wosamala amazimitsira injini.

Kaputeni anawongola msana. Anawerenga pa zala: kandodo kofiira kumbuyo, kudikira pulopela iime, kuzimitsa kiyi, kuzimitsa magetsi, kenako kampopi kumanzere, kuti mafuta asasefukire ku tanki inayo ndege ikaima popendekeka.

"Onse amatero?"

"Akanamatero bwenzi zili bwino. Zaka khumi ndi ziwiri ndikuwauza, palibe amamva. Ndine ndekha."

"Simuiwala?"

"Dzanja limapita lokha, bwana."

Inspekitala anaika patebulo chithunzi cha kampopi kaja kataloza kumanzere. Chinajambulidwa Lamulungu 7:52. Kenako anatchula nthawi zonse mwandondomeko, kuyambira 4:10 ya Loweruka mpaka 6:45 ya Lamulungu, osakweza mawu. Pomaliza anaika kalata ija pambali pa chithunzi. Inanena kuti Kaputeni anakomoka kawiri m'miyezi itatu, kamodzi ali m'mwamba pa 3 mwezi womwewo, ndipo Dokotala ndi amene anateretsa ndege.

Kaputeni anawerenga kalatayo mpaka pa siginecha. Anavula magalasi, n'kuwapinda bwinobwino.

"Ndinawapempha. Ndinati alamu, ndipatseni chaka chimodzi, ndidzasiya ndekha. Anati sangadikire kuti ndigwere pa denga la sukulu. Anandiuza Lachisanu kuti kalata ipita Lolemba."

Zotsalazo anazifotokoza ngati akupereka lipoti la ulendo. Analowa pakageti 5:50, anamasula nati, anakankhira kandodo kutsogolo, anapopera mafuta katatu, anakhoma chitseko, n'kukaima kuseri kwa shedi. Anati ankangofuna kuti mlamu wake athyoke mkono, agone m'chipatala, nkhani ya kalata izizire.

"Munaona kuti si mkono wokha," anatero Inspekitala. "Foni inali m'thumba lanu. Ambulansi simunaiitane."

"Injini inali yozizira, oyilo asanakwere. Siingasiyidwe ikulira yokha choncho, iwonongeka."

"Ndiye munawalambalala alamu anu ali pansi, n'kukapulumutsa injini."

Kaputeni anatsitsa maso. Anayang'ana dzanja lake lamanja kwa nthawi yaitali.

Inspekitala anatuma Sajeni kuti akatulutse makaniko, amubwezere zida zake, ndipo amupepese pamaso pa anthu omwe anamuona akumangidwa. Sajeni anatuluka osanenapo za tiyi. Nthawi inali 4:05 pamene Kaputeni anasaina pansi pa mawu ake, tsamba ndi tsamba. Atamaliza anabweza cholembera, n'kukonza tayi.

"Maliro ali mawa 10 koloko. Mkazi wanga anandipempha kuti ndikayankhule m'malo mwa banja."

"Apeza wina," anatero Inspekitala. "Vulani tayi ndi lamba, bambo. Kumene mukupita sizilowa."