Katundu wa Ahasiw

Ahasiw anachoka kunyumba ya azungu ogula zikopa dzuwa litalowa kale. Anali atakhalako nthawi yaitali akudikira onga ndi mphika wachitsulo, ndipo masiku onsewo ankagona chipinda chimodzi ndi mlenje wina wodwala, kumamumwetsa madzi. Anzake anati ayambe wagona, koma iye mtima sunali m'malo. Mkazi wake, Sipiy, anali atabereka iye kulibe.

Anamanga agalu kuchileyi n'kutsata mtsinje wa Saskatchewan, umene unali utauma gwa ndi chisanu. Mutu unkamuwawa, msana ukuphwanya. Anangoti n'kutopa.

Pakati pa usiku anafika pachitunda pamene anthu a mtundu wake, Akri, sankamangapo mahema. Panangotsala miyala yozungulira, ya msasa umene unatha ndi nthomba iye asanabadwe.

Agalu anaima. Anakhala pansi, michira m'kati.

Kutsogolo kunali munthu. Wamtali, khutu limodzi lodukadu. Analibe nsapato zoyendera pachipale chofewa cha chisanu, komabe sankatitimira.

"Ukupita naye kuti katunduyo, mwanawe?"

"Ndi onga chabe, bambo, ndi mphika."

"Sindikunena wa pachileyiyo."

Ahasiw anamuyang'anitsitsa.

"Inenso ndinafulumira chomwechi," anatero munthuyo motsitsa mawu. "Ndinafika. Ndinawanyamula ana anga onse, mmodzimmodzi..."

Mtambo unasuntha. Mwezi unawala pankhope pake. Matuza okhaokha... mpaka m'zikope!

Ahasiw anakwapula agalu. Anathamanga osacheuka. Anagwa. Anadzuka. Kumbuyo kunali zii, koma mawu aja ankamvekabe m'khutu mwake.

M'bandakucha anaona utsi wa msasa wa kwawo kutsidya. Thupi linali moto. Anagwira pachipumi, ndipo zala zake zinakhudza tiziphuphu. Anaima pomwepo, namasula agalu.

Sipiy anatuluka muhema akuthamanga, khanda lili m'manja.

"Usawoloke!" anakuwa Ahasiw. "Ima pomwepo, mayi wa mwana. Ndionetse uli komweko."

Mkaziyo anakweza khandalo m'mwamba, akulira. Kumbuyo kwake kunabwera amalume ake a Ahasiw, a Wapos, nkhalamba ya nkhope yodzaza zipsera za nthomba.

"Wakuuza ndani kuti uime?" anafunsa a Wapos.

Ahasiw anafotokoza za pachitunda paja, za munthu wamtali wa khutu loduka. Nkhalambayo inakhala pansi pachipale.

"Khutulo linadyedwa ndi chimbalangondo," inatero. "Amenewo ndi bambo anga, agogo ako. Anabwera nayo nthomba kuchokera kwa amalonda ine ndili kamwana. Woyamba kufa anali iwowo. Pa ana onse amene anawanyamula m'mawa umene anafika, tinatsala awiri, ine ndi mayi ako."

Sipiy anafungatira khanda lake, nabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono.