Njoka ya Pulasitiki

Kalasi yonse inkaseka, kupatula mtsikana mmodzi amene anakhala pafupi ndi chitseko. Pakhoma pankaoneka kanema wa agogo ena akulumpha m'khitchini, mpango utagwa pansi, akukuwa ngati mwana. Amene anajambula kanemayo anali mphunzitsi wawo wa payunivesitepo. Agogowo anali mayi ake omubereka, ndipo mtsikana uja anali mwana wa mlongo wake.

Mphunzitsiyu ankaphunzitsa za maganizo ndi mantha amene anthu anatengera kwa makolo akalekale. Pofuna chitsanzo, anaika njoka ya pulasitiki kuseri kwa ndowa kunyumba, iye n'kubisala ndi foni. Zoterezi, ana inu, zimayamba ngati masewera.

"Mwaona?" anatero monyadira. "Mayiwa amawoloka msewu wa magalimoto osaphethira, koma njoka yabodza yawabalalitsa. Mantha amenewa ndi amene ankapulumutsa makolo athu kutchire."

"Bwerezani, aphunzitsi!" anakuwa wina kumbuyo, foni ili m'mwamba.

Mtsikana uja anaimirira. "Amalume, kodi agogo akudziwa kuti ali pakhomapa?"

"Khala pansi iwe, iyi ndi sayansi."

Koma foni ilibe chitseko: kanema uja anafalikira paliponse. Pasanapite nthawi, ana a mumsewu ankati akawaona agogowo, amaponya chingwe pansi n'kuthawa akuseka. Agogowo anasiya kupita kumsika. Ankangosuzumira pawindo.

Mphunzitsiyo atamva, anathamangira kunyumba. Anawapeza atakhala pabedi, mpango atamanga zolimba mpaka m'nsidze.

"Amayi, kanema uja ndafufuta," anatero, maso ali pansi.

Mayi ake sanamukalipire. "Nanga anawo anaphunzirapo kanthu?"

"Eya, anaphunzira."

"Chabwino. Koma ukanandiuza, mwanangu, ndikanamangitsa mpangowu. Anthu onse aja aona imvi zanga zosapesa."

Mphunzitsiyo anagwada pafupi ndi bedi, nkhope ikuyaka ngati wayandikira mbaula.

M'mawa mwake foni anaisiya patebulo, n'kunyamula dengu. Anayenda ndi mayi ake mpaka kumsika, phewa ndi phewa, anthu akumuloza.

Mutu wotsatira m'kalasi unali wa chifukwa chimene munthu amachitira manyazi. Mtsikana uja analowa mochedwa, n'kuima pakhomo, chikwama osatula.

"Kanema walero ali kuti, aphunzitsi?" anafunsa wa kumbuyo uja.

Mphunzitsiyo anayang'ana mwana wa mlongo wake.

"Lero kulibe kanema," anatero. "Chitsanzo ndi ineyo. Ndiyang'aneni bwino."

Mtsikana uja anakoka mpando n'kukhala.