Beseni Labuluu la Muchimba

Kunyumba kwa a Hanyinde, mkulu wa mpingo wathu wa Sabata kuno kufupi ndi Monze, dzuwa la Lachisanu silinkalowa zovala zisanasitidwe. Ng'ombe zinkakhala zili kale m'khola, ana anayi ali pamkeka, nyimbo ikuyamba. Woyambitsa nyimbo anali mwana wachisamba, Muchimba, ndipo mawu ake ankaimitsa ngakhale munthu wodutsa pamsewu.

Ine ndatunga madzi a m'mabeseni pampingo uno kwa zaka makumi awiri. Miyezi itatu iliyonse timadya Mgonero, koma tisanapite kugome timasambitsana mapazi, amuna kwaokha, akazi kwaokha. Aliyense amapeza mnzake, wina n'kugwadira wina, kenako n'kusinthana. Wosowa mnzake amaima kukhoma ndi beseni m'manja, mpingo wonse ukumuona. Pa khoma limenelo ndaphunzira mitima ya anthu kuposa m'maulaliki.

Muchimba atamaliza maphunziro a uphunzitsi anabwera ndi beseni lakelake, labuluu, ndi thaulo loyera lopetedwa dzina lake.

"Nanga mabeseni a kutchalitchi atani?" anafunsa mayi ake.

"Amayi, mumawaona mapazi amene amalowamo? Ena ndi a anthu, ena ndi ziboda."

"Mwanawe, Ambuye anasambitsa ngakhale uja anawagulitsa. Beseni limazungulira."

"Langali silizungulira."

Amene ankamunenayo tonse tinkamudziwa, anali Bina Cheelo. Mayiyu anatchezapo kachasu zaka zambiri, ndipo anakhalako kundende miyezi isanu ndi itatu atathyola mkazi mnzake mkono ndi munsi. Anatembenuka mtima pamsonkhano wa misasa, nabatizidwa tonse tikuona, koma anthu sitiiwala msanga. Ankaweta yekha ng'ombe zake zitatu osavala nsapato, moti m'ming'alu ya zidendene zake njere ya chimanga inkatha kubisalamo.

Sabata la Mgonero litafika, Bina Cheelo anaona mtsikana ataima yekha ndi beseni latsopano, namuyandikira.

"Mwanangu, ulibe mnzako? Tiye tithandizane."

Muchimba anayang'ana mapazi aja, kenako anakweza mawu kuti onse amve. "Mayi, ili ndi beseni, si dibi. Ng'ombe amazisambitsa Lachitatu."

Atsikana a kwaya anasekera m'manja. Mmodzi anathamangira beseni labuluu lija, nakhala pabenchi. Bina Cheelo anabwerera kukhoma. Anaimapo mpaka nyimbo inatha, ndipo ine amene ndikulemba ndinali pomwepo ndi ndowa yanga, ndikunamizira kutanganidwa. Manyazi ake amandigwirabe.

A Hanyinde anamva nkhaniyo asanafike n'kunyumba komwe.

"Mawa m'mawa ukapepese."

"Ababa, ine mphunzitsi ndikagwadire mkaidi?"

"Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, Muchimba."

Sanapite. Ndipo wamalondayo sanachedwe. Dzina lake linali Siamaimbo, wogula ng'ombe, amene ankazungulira midzi ndi lole yake. Tsiku lina anampeza Muchimba akuchokera kusukulu wapansi, natsitsa galasi.

"Aphunzitsi, mapazi ngati amenewo kuponda fumbi la kuno? Kwerani. Inu si wa m'gulu la anthu awa, ndakuonani kalekale."

Mawu amenewo ndi amene mtima wake unkafuna kumva. Anakwera. Sabata yotsatira panabwera nsapato zazitali m'katoni.

"Munthu ameneyo ali ndi mkazi ku Mazabuka," anatero mayi ake. "Bweza nsapatozo."

"Amayi, kugwa ndi kwa anthu ngati Bina Cheelo. Ine malire ndimawadziwa."

Anayamba kujomba kwaya. Kenako anajomba Sabata lenilenilo, n'kumati kuli msonkhano wa aphunzitsi. Pasanathe miyezi isanu ndi umodzi, yunifolomu ya kwaya inakana kutseka m'chiuno. Atamuuza Siamaimbo, munthu uja anaseka, nayatsa injini.

"Ine ndimagula ng'ombe, mayi. Za thole sitinapangane."

Lole ija sinaonekenso kudera lathu. Mpingo unakhala pansi, dzina la Muchimba linafafanizidwa m'buku, ndipo a Hanyinde anakweza dzanja pamodzi ndi ena onse, misozi ikutsikira m'ndevu. Tsiku lomwelo anatula pansi ukulu wawo. Atsikana aja ankaseka naye anayamba kumuseka iyeyo, chifukwa chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mwana anabadwa. Kwa chaka ndi theka Muchimba ankakhala pabenchi yakumbuyo, osaimba, mutu uli pansi. Anapempha ubatizo, ndipo abusa anamumiza kachiwiri. Koma madzi a mumtsinje ndi ena, a m'beseni ndi ena. Abusa amabatiza chifukwa ndi ntchito yawo, pamene kukugwadira palibe amene amakakamizidwa. Funso linali limodzi: ndani adzamugwadire?

Mgonero unafika mwana akudwala chikuku, choncho mayi a Muchimba anatsala naye kunyumba. Muchimba anabwera yekha ndi beseni lija, litasuluka tsopano. Akazi anayamba kusankhana awiriawiri. Anayang'ana kwa anzake a kwaya, iwo anayang'ana kudenga. Anayandikira mkazi wa mkulu wina, mayiyo anakoka msanga mlamu wake. Pang'onopang'ono anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda khoma. Ndinamuona akuyang'ana chitseko, ndipo ndinadziwa kuti akatuluka pamenepo sitidzamuonanso. Komabe mumtima ndinati, mulekeni alawe kuzizira kwa khoma. Inde, inenso ndinali ndi beseni langa labuluu mumtima.

Kenako tinamva mapazi opanda nsapato akuyenda pasimenti. Anali Bina Cheelo.

"Iwe mphunzitsi, khala pabenchipo."

Muchimba anati, "Mayi, ine ndinakutukwanani."

"Ndikudziwa, ndinalipo. Vula nsapato, madzi akuzizira."

"Sindiyenera, mayi."

"Woyenera ndani muno? Muloze ndimuone." Bina Cheelo anatembenuka kutiyang'ana tonse, ndipo palibe anapirira maso ake. "Khoma ili ndimalidziwa, ndaimapo kasanu. Ine ndili moyo, palibe mwana wa munthu adzaimeponso."

Anagwada, mawondo ake akulira ngati chitseko chakale, nasambitsa mapazi a mtsikana uja chala ndi chala, mmene mayi amasambitsira khanda. Atatha anawapukuta ndi chitenje chake.

"Tsopano ndi iwe. Koma ndikuchenjeze, dibi lako lionongeka."

Muchimba anaseka kwinaku akulira. Anagwada, nanyamula phazi long'aluka lija ndi manja awiri, naliika m'beseni labuluu. Madzi anasanduka matope. Anandiyang'ana nati, "Amayi, onjezani madzi." Ndinathira. Anatsuka mng'alu uliwonse, kenako anatenga thaulo lopetedwa dzina lake, napukuta mpaka dzinalo silinkawerengeka.

Ali chigwadire choncho anayambitsa nyimbo, mawu aja tinawasowa zaka ziwiri. Akazi tinalandira. Amuna kuchipinda kwawo anamva kudzera pakhoma, nalandira ndi mabesi, ndipo pakati pawo ndinazindikira mawu a a Hanyinde akusweka. Atsikana a kwaya anadzuka mmodzimmodzi kukamukumbatira. Ine ndinasiya ndowa pansi, ndinapita kwa Bina Cheelo kukapepesa mlandu wanga wa zaka zitatu. Tinachedwa kugome tsiku limenelo, koma abusa sanadandaule.

Zipsera zilipo. Mwana uja akukula osadziwa bambo ake, ndipo a Hanyinde sanabwerere pa ukulu. Tchimo limakhululukidwa, koma zokolola zake zimalowabe m'nkhokwe.

Achinyamata, mverani: Muchimba sanagwe tsiku limene anakwera lole. Anagwa tsiku limene anayang'ana mapazi a mnzake n'kudziona woyera. Amene akuti ine sindingagwe wayamba kale kuterereka, ndipo usanyoze munthu chifukwa cha kale lake, poti chisomo chikamabwera kudzakudzutsa, mwina chidzabwera pa mapazi omwewo.

Beseni lija lili m'kabati ya tchalitchi pamodzi ndi ena onse. Ndimalitulutsa ndine, ndipo amalitenga aliyense wafika msanga.